Chimera cha Burokoli

Lolemba, 29 Julaye 2024

Lero andichotsa ku shedi yolongedzera burokoli. Zaka khumi ndi chimodzi ndikuimirira m'chisanu muja, lero akuti Annet ndiwe waukhondo, bwera ku ntchito yatsopano. Ukhondowo auona lero? Wandisankha ndi Primrose, mwana wa mwini famu, uja anapita kukaphunzira za ulimi ndi zakudya n'kubwerako ndi magalasi. Ndinkamuona akuthamanga mamina ali chuchuchu pa komboni pano, lero ndi Madamu. Chabwino, Madamu.

Ntchito yake ili m'kachipinda koyera kuseri kwa shedi. Timaviika njere za burokoli m'madzi, mawa lake kuzithira m'matireyi, kutsuka m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku anayi kapena asanu zatulutsa timichira toyera ndi timasamba tiwiri. Basi, kuika m'timabokosi, ulendo wa ku Harare kumene akuti anthu a magalimoto akuluakulu amachita kulimbirana.

Ndinayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Madamu, ichi si chimera?" Amayi anga anakalamba akuchita zomwezi ndi mawere m'chiguduli kuseri kwa nyumba, palibe anawaveka chipewa choyera ndi magolovesi. Primrose anaseka, akuti n'chimodzimodzi ndithu, koma ichi sitiyanika, sitisinja, sitiphika. Anthu amangodya chachiwisi.

Akuti m'timphukira timeneti mumatuluka chinthu china dzina lake salifolafeni. Ndinamuuza andilembere padzanja, ndakopera muno. Dzina lake ngati la mneneri wa tchalitchi chatsopano. Chimapezekanso mu kabichi, repu, kovo ndi mpiru, uja Ashona amati tsunga, koma m'timphukira ta burokoli muli chambiri kuposa mu burokoli wamkulu. Akuti chimathandiza thupi kudziteteza ndi kutaya zoipa zina, ndipo madokotala akufufuzabe za shuga ndi matenda ena.

Chabwino china ndi zenera. Likuyang'ana munda wakumunsi kumene a Jasten, bambo akunyumba, akulima ndi thirakitala. Tsopano ndiziona ngati amagwiradi ntchito.

Lachitatu, 31 Julaye

Primrose akuti timphukira totsala, tosakwana m'mabokosi, ndizitenga. Dzulo ndinabweretsa kambale. A J. anangosuzumira n'kunena kuti, "Mai Believe, mwandiona ndamera nyanga? Zimenezo mukapatse mbuzi za Maidei."

Lero munthu yemweyo wabwera ali wefuwefu, chipewa chili m'manja. "Zija za dzulo zilipo?" Kani Martin wa ku nazale wawaonetsa vidiyo pa foni. Mzungu wina wa mano oyera ngati mbale zatsopano akuti timphukira ta burokoli timachotsa bipi, shuga, khansa, ukalamba, kaya ndi apongozi omwe. Ine mkazi wawo wa zaka makumi awiri ndi zitatu ndikanena n'zambuzi. Akanena mzungu wa m'foni ndi uthenga wabwino.

Ndinapita kukatunga madzi. Pobwera ndapeza atiika m'poto, madzi odzadza, soda, mchere, moto ngati akuphika ziboda za ng'ombe. Munatuluka chinthu chobiriwira choterera, fungo lake nkhuku zinasamuka pakhonde.

Ndinawafotokozera momwe Primrose anandiuzira. Salifolafeni sakhalamo wopangika kale. M'tsambamo muli zinthu ziwiri zokhala padera, zimakumana ukadula kapena ukatafuna. Ankhoswe ake ndi mano. Ukawiritsa kwambiri chimodzi chimafa, ukwati watha usanayambe.

Iwo akuti, "Munthu wamkulu, wa ana atatu, sadya masamba osaphika." Anamwa chiphalachocho mpaka kunyambita supuni, nkhope ili ngati ameza kwinini.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Ndiye kuti zaka zonsezi repu timangomuzunza. Primrose akuti ukadula uzimusiya kaye mphindi makumi anayi, kenako kuphika pang'ono, asachite kulefuka. Mphindi makumi anayi munthu ataweruka faifi, njala ili pakhosi. Ndayesa lero. A J. akuti ndiwo sizinapse, kodi nkhuni zatha?

Lachisanu, 2 Ogasiti

Thirakitala sinaime.

Ndilembe bwino, mwina mtima ukhala pansi. Mu Febuluwale sisita wa ku kiliniki ya kufupi ndi Macheke anawapeza a J. ndi bipi yokwera, n'kuwapatsa mapiritsi akumwa limodzi m'mawa uliwonse. Mapiritsi amenewa amakodzetsa. Chiyambire pamenepo komboni yonse imadziwa kuti thirakitala ya Jasten imazima katatu dzuwa lisanafike pamutu, mwini wake n'kutsika kuthamangira ku mabulugamu. Lolemba ndi Lachiwiri ndinaona ndekha pazenera, koma inali kamodzikamodzi, sindinaganize kanthu.

Lero kuyambira seveni mpaka thwelofu injini ili gudugudu osapuma. Ndikutsuka matireyi khutu lili panja. Mpaka Primrose anafunsa ngati ndikudwala.

Nditafika kunyumba ndinayang'ana paketi pawindo, mapiritsi akuchepa bwinobwino tsiku ndi tsiku. Koma ine si mwana. Ndinafufuza m'matumba a ovolosi, pansi pa mphasa, m'chitini cha misomali. Ndinawapeza m'gambuti yakale ya kumanzere, yobooka ija. Asanu ndi atatu. Ena anayamba kuwaponyamo mzungu wa m'foni asanabwere n'komwe, koma chiyambire Lachitatu ndi tsiku lililonse.

Ndawayala pa tebulo ngati nyemba zosankha. Kenako ndinapakula nsima. Iwo anadya cham'mbali ngati mlendo.

Loweruka, 3 Ogasiti

Zaphulika m'mawa uno ndikuchapa.

Akuti safunanso mankhwala a m'fakitale, apeza achilengedwe. Ndinati achilengedwe ake ati, aja munawawiritsa ndi soda mpaka anapempha chikhululukiro? Akuti ndisalankhule ngati ndine dokotala chifukwa chovala chipewa choyera masiku asanu.

Kenako zoona zake zinatuluka. Si mzungu ayi, ndi Maidei. Gulu la azimayi okolola burokoli m'munda woyandikana ndi wawo, mtsogoleri wake Maidei, mayi wa pakamwa ngati wailesi ya m'minibasi. Thirakitala ikangozima amayambitsa nyimbo, ena onse n'kuvomera, kuomba m'manja mpaka a J. atalowa m'mabulugamu. Akatuluka, nthungululu. Akuti tsiku lina Maidei anakuwa kuti, "Sekuru, muchithirira bwino mitengoyo, mvula ili kutali."

Ndinaseka. Ndikudziwa sindikanayenera, koma ndinaseka mpaka sopo analowa m'maso.

Iwo sanaseke. Akuti, "Zaka makumi atatu ndili pa thirakitala. Mizere yanga bwana amaonetsa alendo. Lero ndasanduka gule wa azimayi."

Pamenepo phwete linandithera. Ndinawafunsa ngati aiwala bambo awo. Apongozi anga a Simao, munthu anayenda wapansi kuchokera ku Tete, wonyamula matumba awiri a feteleza nthawi imodzi. Anagwa pa mjigo tsiku limodzi, mbali yonse ya kumanja n'kufa, pakamwa kupotoka. Zaka zinayi pa mphasa m'chipinda chino. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni, anali ine, Believe ali kumsana. Ankalira akamandiona ndikubwera ndi beseni, chifukwa mpongozi sayenera kuona zimene ine ndinaona.

Ndinati, "Baba Believe, beseni lija ndinataya. Sindidzagulanso lina."

Anatenga chipewa n'kupita kwa Martin.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Kutchalitchi a J. aimba besi ngati munthu wopanda mlandu. Gambuti yalandira piritsi lachikhumi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndamufunsa Primrose mosazungulira. Ndinati pali munthu wina, sindimutchula, wasiya mapiritsi a bipi chifukwa cha timphukira tathuti. Anayang'ana pazenera kumene kunali thirakitala, n'kundiyang'ana ine. Mwanayu sanapite kusukulu pachabe.

Akuti, "Mai Believe, ichi ndi chakudya. Chabwino, inde, ine ndimadya tsiku lililonse. Koma palibe dokotala anganene kuti munthu asiye mapiritsi. Anthu a mavidiyo amatenga kanthu kakang'ono kamene ofufuza aona n'kukafufumitsa ngati mandasi." Anafuna kukalankhula nawo yekha. Ndinakana. Mwamuna amene wathawa nyimbo ya Maidei angapirire kulangizidwa ndi mwana amene anamunyamulapo pa thirakitala?

Ndagamula ndekha. Popanda piritsi palibe timphukira. Ndawauza madzulo ano. Ndimayembekeza mkangano, koma anangoti, "Zvakanaka," chabwino wa Chishona uja, n'kupitiriza kusenda nzimbe.

Zvakanaka ameneyo sanandisangalatse.

Lachinayi, 8 Ogasiti

A J. akuimba mluzu. Chiguduli changa choyanikira chimanga sindikuchiona. Kawiri konse ndawapeza akuchokera kuseri kwa khola la nkhuku ndi chigubu cha madzi, akuti akuthirira nkhuku. Zaka makumi awiri ndi zitatu, nkhuku zathu sizikuwadziwa n'komwe nkhope.

Ndinaganiza kuti abisa mowa wa holide ya Lolemba. Ndinawasiya.

Loweruka, 10 Ogasiti

Akuti mutu ukuwawa kumbuyo kuno. Akuti ndi dzuwa. Dzuwa la Ogasiti, anthu tikuvala majuzi.

Ndimawayang'ana pakamwa akamalankhula, kuona ngati mbali zonse zikuyenda. Ndikuopa. Ndalemba kuti ndione mawuwo, chifukwa pakamwa sindinganene.

Lolemba, 12 Ogasiti

Holide ya Heroes, yokumbukira ngwazi za dziko. Ngwazi yathu ya m'nyumba muno nayo yachita zake.

Cha m'ma thuu masana ndili pakhonde kuluka tsitsi la mwana wa aneba, ndinangoona Martin akubwera akukankha wilibala. M'wilibalamo a J., miyendo ili lendelende kunja, nkhope yofiira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, thukuta kamukamu, malaya onse masanzi. Akupuma ngati akwera phiri, dzanja lili pachifuwa.

Ndinaona mphasa, ndinaona beseni. Ndinawagwira nkhope n'kukuwa kuti, "Sekani. Baba Believe, sekani ndione mano." Anayesa, pakamwa panali pabwino mbali zonse. Ndinati kwezani manja, anakweza onse awiri. Apo ndiye mpweya unabwerera, ukali n'kubwera pambuyo pake.

Martin anaulula. Nditawamana timphukira, a J. anapita ku nazale kukapempha njere za burokoli zotsalira m'chitini. Njere za ku nazale ndi zobzala, zopakidwa mankhwala abuluu oteteza ku matenda a m'nthaka. Pachitini pali chizindikiro cha poizoni chimene ngakhale wosadziwa kuwerenga amachimva. Zathu za m'kachipinda ndi zina, zosapakidwa kanthu, Primrose amachita kuitanitsa padera. Koma a J. akuti mu 2008, chaka cha njala chija, tinatsuka mbewu ya chimanga yopakidwa mankhwala n'kukagayitsa, tinafa? Ndiye anatsuka katatu, kuviika, kukulunga m'chiguduli changa ngati chimera cha amayi awo, n'kubisa kuseri kwa khola. Lero zitamera anadya mbale yodzadza, n'kupita kukatsitsira ndi masese ku bhawa.

Anadya zosaphika. Pa zonse ndawauza chiyambire ukwati wathu, mawu amene anasankha kumvera ndi amenewo.

Primrose anatitenga pa bhaki, galimoto ya famu. Njira yonse ankangoluma mlomo. Ine kumbuyo ndagwira mutu wa a J. pamiyendo, chiguduli chija chili m'pepala lapulasitiki kuti sisita akaone. Mkati mwake munali buluu ngati yunifolomu ya sukulu.

Sisita tinachita kumuitana kunyumba kwake, anabwera atavala matapata. Anayang'ana chiguduli, anamva za masese, n'kunena kuti mankhwala ena opaka mbewu sagwirizana ndi mowa ngakhale pang'ono, ndipo kutsuka sikuchotsa onse. Anawapatsa madzi a mchere ndi shuga, kuwagoneka. Kenako anawamanga chija cha pamkono choyezera bipi. 192 pa 114. Anayezanso, chimodzimodzi.

"Baba, mapiritsi mukumwa?"

A J. anayang'ana kudenga. Ine ndinatsegula chikwama n'kutulutsa kapepala kamene ndinakulungamo zokolola za m'gambuti. Khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinawayala pabedi.

Sisita sanakalipe. Anangoti, "Poizoniyu atuluka, mwasanza wambiri. Chimene chingakupheni ndi ichi," n'kuloza manambala aja. Anatisunga mpaka dzuwa litalowa, bipi itatsikako, n'kutiuza kuti tibwerenso Lachisanu.

Safunsa anadya phula. Wathuyu anadya la buluu.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Holide yachiwiri. Agona tsiku lonse, phala lokha. Piritsi la lero ndawamwetsa ndekha ngati mwana, mpaka kuwauza atsegule pakamwa ndione pansi pa lilime. Koma sindingachite zimenezi moyo wonse. Ndimalowa ntchito sikisi, iwo hafu sikisi, ndipo munthu wofuna kulavula amalavula.

Anthu akhala akubwera kudzazonda, ena kudzangoona munthu amene anadya mbewu ya bwana. Martin anabwera ndi malalanje, maso ali pansi. Primrose wamuuza kuti chitini chizikhala chokiya.

Madzulo kunabwera Maidei. Ndinafuna kumubweza pakhomo, koma analowa yekha ngati mwa amalume ake, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi. Ndinali nditamuuza kale m'mawa ku mjigo chimene nyimbo yake yachita, ndipo sindinasankhe mawu.

Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa paketi. Mapiritsi omwewo, a mtundu womwewo. Akuti, "Sekuru, ine chaka chachitatu ichi. Mumaganiza kuti ndikamati ndikukaona ngati mpanda uli bwino ndimakaona mpanda? Ife timangonyonyomala m'mizere, inu vuto lanu ndi injini, imakuululani."

A J. anatembenukira kukhoma. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena manyazi.

Atapita Maidei anandifunsa, nkhope ili kukhoma komweko, "Beseni lija munatayadi?" Ndinati ndinataya tsiku la maliro, m'dzenje la zinyalala. Kenako anati bambo awo ankawauza kuti akanakonda kufera pa mjigo pomwepo. Sanandiuzepo zimenezi.

Ndinapita kukatsekera nkhuku.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Bwana wawapatsa tsiku lina lopuma. Ndabweretsa timphukira tenitenito, toyera, ta m'tireyi. Ndinathira pambali pa ndiwo. Anatola kamodzi, kukayang'ana uku ndi uku ngati kali ndi buluu, n'kutafuna. Akuti kakuwawa ngati mpiru wosakhwima. Ndinati kuwawako ndiye ankhoswe ali pa ntchito. Anamaliza onse, koma anayamba atseka chitseko kuti aneba asaone.

Za mapiritsi sitinakambe. Gambuti ndaiponya padenga la khola.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Abwerera ku thirakitala. Ndinachoka m'nyumba iwo akusamba, paketi ndinaisiya pa tebulo pafupi ndi kapu ya madzi. Sindinawauze kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Seveni koloko injini inalira kumunsi. Ine m'kachipinda, matireyi makumi awiri oti nditsuke. Hafu seveni, gudugudu. Eyiti, gudugudu. Tireyi imodzi ndinaitsuka katatu. Primrose analowa, anandiyang'ana, n'kutuluka osafunsa.

Hafu eyiti inakwana. Ndinayamba kuganiza kumene angabise tsopano popeza gambuti kulibe. M'bokosi la masipanala, mwina. Ndinaganizanso za mtengo wa beseni ku Macheke, n'kudzitukwana ndekha.

Itatsala pang'ono naini, phokoso linaduka.

Ndinathamangira pazenera magolovesi akudontha. Thirakitala ili chiimire pakati pa mzere, fumbi likutsika. A J. anatsika pang'onopang'ono, osati mothamanga ngati kale. Azimayi a m'munda wa burokoli anaweramuka onse, mipeni ili m'manja, ali chete, akuyang'ana Maidei. Maidei naye chete.

A J. anaima, n'kuwayang'ana. Kenako anavula chipewa, kuchikweza m'mwamba, n'kukuwa mawu amene anafika mpaka pazenera langa: "Nhai Maidei, nyimbo ija yatha?"

Anaiyambitsa. Onse anavomera, manja, nthungululu, ndipo bambo a ana anga anayenda kupita ku mabulugamu ngati mkwati, chipewa chili m'mwamba.

Primrose anandipeza nditakhala pa ndowa yovundikira, ndikupukuta maso ndi chipewa choyera chija. Anafunsa ngati zili bwino. Ndinati dikirani kaye Madamu, ndikuwerenga.

Pofika thwelofu inali itazima katatu.